Mulungu Safuna Bondo Lokakamizidwa

Mawu owerenga: Danieli 3, Aroma 14:1-12, Chivumbulutso 13:11-18

 

Ana anu amene akukhala kuno ku Lusaka, ku Kanyama, ku Chawama ndi ku George, akamabwera kumudzi amanyamula sopo ndi shuga. Masiku ano amanyamulanso timapepala ndi mauthenga a pa foni onena za masiku otsiriza. Ena akuti posachedwa kubwera lamulo lokakamiza dziko lonse kupemphera Lamulungu, limene kuno timati pa Sondo, ndipo aliyense wolimvera adzakhala atalandira chizindikiro cha chilombo. Ena analoza katemera pa nthawi ya Covid, ena amaloza makhadi a kubanki. Amayi amene akhala akusesa tchalitchi cha Anglican kuyambira utsikana wawo akamva zimenezi amasowa tulo, n'kumadzifunsa kuti, kodi zaka zonsezi ndakhala ndikugwadira chilombo osadziwa? Funso limeneli si losekedwa. Tiyeni titsekule Baibulo, tione chimene likunena.

Tiyambe ndi Danieli chaputala 3. Mfumu Nebukadinezara inaimika fano lagolide m'chigwa cha Dura, lotalika mikono 60. Inasonkhanitsa akuluakulu a boma, n'kulamula kuti zoimbira zikalira aliyense agwade. Taonani bwino chimene mfumuyo inafuna. Sinauze Sadrake, Mesake ndi Abedinego kuti asiye kupemphera kwa Mulungu wawo kunyumba. Inangofuna bondo lawo kwa kamphindi, pamaso pa anthu, ndipo pambali pake inasonkha ng'anjo ya moto. Anyamata atatuwo anali antchito a boma okhulupirika, oyang'anira ntchito za dera la Babulo. Ntchito ya mfumu ankaigwira, ulemu ankaupereka. Koma pa bondo anakana, ndipo anauza mfumu kuti Mulungu wawo angathe kuwapulumutsa, komanso kuti ngakhale asawapulumutse, iwo sagwada.

Pa chaputala 6 nkhani ndi yomweyo, kungoti yatembenuzidwa. Uko ankakakamiza kupembedza, kuno akuletsa. Kwa masiku 30 munthu asapemphe kanthu kwa wina aliyense koma kwa mfumu Dariyo. Danieli sanachite chipolowe. Anapita m'chipinda chake, mazenera ali otsekula, n'kupemphera katatu pa tsiku monga ankachitira kale. Nkhani ziwirizi zikutiphunzitsa kuti pali malo mumtima mwa munthu pamene mfumu ya padziko siyenera kupondapo.

Tsopano tipite ku Chivumbulutso 13, chaputala chimene chikuopsa anthu ambiri. Yohane analemba ali pa chilumba cha Patimo, kulembera mipingo 7 ya m'dera limene lero lili m'dziko la Turkey. Akhristu amenewo ankakhala pansi pa ufumu wa Roma, umene mafumu ake ankapatsidwa ulemu wa milungu. Mu mzinda wa Pergamo, umodzi mwa mizinda 7 ija, munali kachisi womangidwa polemekeza mfumu Augusto. Yohane anaona chilombo chimene chikukakamiza anthu kulambira fano, kupha okana, ndi kuletsa aliyense wopanda chizindikiro kugula kapena kugulitsa. Owerenga oyamba sanavutike kumva, pakuti zinali pakhomo pawo. M'chaka cha 250, mfumu Decius inalamula kuti aliyense mu ufumu wake apereke nsembe kwa milungu pamaso pa akuluakulu a boma, ndipo apatsidwe kapepala kosainidwa kochitira umboni. Timapepala tina totero tinapezeka mu mchenga wa ku Egypt, ndipo tilipo mpaka lero. Akhristu amene anakana kutenga kapepalako anamangidwa, ena anaphedwa.

Mukawerenga chaputala 13 kuyambira vesi loyamba mpaka lomaliza, simupezamo Loweruka kapena Lamulungu. Mupezamo zinthu zitatu. Choyamba, ulamuliro wofuna ulemu umene ndi wa Mulungu yekha. Chachiwiri, chilango kwa wokana. Chachitatu, kutsekera wokanayo njira ya chakudya. Mukaona zitatuzi zakumana, dziwani kuti mpweya wa chilombo wafika, kaya ndi pa tsiku lanji, kaya akuchita zimenezo wanyamula Baibulo m'khwapa.

Inu a kum'mawa, makamaka achikulire, zimenezi munaziona ndi maso. Mu October 1967 boma la Dr Kamuzu Banda ku Malawi linaletsa a Mboni za Yehova. Mlandu wawo waukulu unali kukana kugula khadi la chipani cha Malawi Congress Party, chifukwa chikhulupiriro chawo sichilola kulowa ndale. Nyumba zawo zinatenthedwa, anamenyedwa, anachotsedwa ntchito. Mu 1972 masauzande ambiri anawoloka malire n'kudzakhala pa msasa wa Sinda Misale, m'chigawo chathu cha kum'mawa. Kumeneko matenda anapha ambiri, makamaka ana, ndipo chaka chisanathe otsalawo anabwezedwa ku Malawi. Ambiri anathawiranso ku Mozambique. Chiletsocho chinachotsedwa mu August 1993, patapita zaka pafupifupi 26. Zonsezi zinachitika m'dziko limene matchalitchi ake ankadzaza Lamulungu lililonse.

Tisaloze chala kwa anansi okha. Kuno kwathu mu 1967 khoti lalikulu linaweruza mlandu wa Kachasu, wokhudza mtsikana wa sukulu ku Mufulira amene anachotsedwa m'kalasi chifukwa chokana kuimba nyimbo ya fuko ndi kuchitira mbendera sawatcha. Khotilo linagamula mokomera boma. Ndipo amene munafikako ku tauni pa nthawi ya chipani chimodzi mukukumbukira anyamata oima pa zipata za misika ndi pokwerera basi, kufunsa khadi. Wopanda khadi ankabwerera ndi dengu lake.

Ife a Anglican timasiyana ndi a Mboni pa ziphunzitso zikuluzikulu. Ife timavomereza Utatu Woyera, iwo savomereza. Ife timaimba nyimbo ya fuko ndi mtima woyera, timavota, ndipo ana athu ena ndi asilikali. Koma kusiyana maganizo ndi munthu sikukupatsa ufulu wotentha nkhokwe yake. Akale anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndodo imene yaloledwa kumenya wa Mboni lero siidzafunsa dzina la mpingo wako mawa.

Nanga za tsiku lopemphera? Anzathu a Sabata amasunga Loweruka chifukwa lamulo lachinayi limatchula tsiku lachisanu ndi chiwiri, ndipo pa kuwerenga masiku sakulakwitsa: Sabata la Ayuda ndi Loweruka. Ife timasonkhana Lamulungu chifukwa ndi tsiku limene Ambuye anauka kwa akufa. Pa Machitidwe 20:7 timapeza ophunzira a ku Trowa atasonkhana pa tsiku loyamba la sabata kudzanyema mkate, Paulo akulalikira mpaka pakati pa usiku. Pa 1 Akorinto 16:2 Paulo akulangiza kuti chopereka chizisungidwa pa tsiku lomwelo. Cha m'ma 150, Justin Martyr analembera mfumu ya Roma kufotokoza kuti Akhristu a m'mizinda ndi a kumidzi amasonkhana Lamulungu, amawerenga zolemba za atumwi ndi za aneneri, amamva ulaliki, amapemphera, amalandira mkate ndi vinyo, n'kusonkha thandizo la amasiye. Nthawi imeneyo boma linkazunza Akhristu, ndipo Justin yemweyo anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro. Palibe mfumu imene inawatuma kusonkhana pa tsikuli.

Mudzamva ena akunena kuti Constantine ndiye anasintha tsiku. Zoona zake ndi izi: pa 7 March 321 mfumuyo inalamula kuti oweruza, anthu a m'mizinda ndi amisiri azipumula Lamulungu. Alimi anawalola kupitiriza ntchito ya kumunda, poti nyengo yobzala siidikira munthu. Pamenepo n'kuti Akhristu atasonkhana kale pa tsikuli kwa zaka zoposa 200. Choncho amayi anga, gonani tulo. Simunagwadire chilombo. Mwakhala mukukondwerera manda opanda kanthu.

Komabe mantha a anzathu a Sabata ali ndi pochokera, ndipo ife a Anglican tiyenera kuwamvetsa kuposa wina aliyense. Ku England, kumene mpingo wathu unali mpingo wa boma, lamulo la 1559 linkalipiritsa mapeni 12 aliyense wojomba kutchalitchi Lamulungu popanda chifukwa chomveka. John Bunyan, mlaliki amene ankakhala moyo wokonza mapoto, anakhala m'ndende ya ku Bedford zaka 12 kuyambira 1660 chifukwa cholalikira kunja kwa mpingo wa boma. Ku America, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, a Sabata ena ku Tennessee anamangidwa chifukwa chogwira ntchito Lamulungu m'minda yawo. Anthu amene makolo awo anaona zotere ali ndi chifukwa chotchera khutu akamva boma likulankhula za mapemphero. Pamene timasiyana nawo ndi poti iwo amaika ngoziyo pa tsiku, pamene ife timaiona pa ndodo. Lamulo lokakamiza Lamulungu ndi loipa, ndipo lokakamiza Loweruka lingakhale loipa chimodzimodzi.

Ndipo a Sabata si alendo pakati pathu. Anafika ku Malamulo ku Malawi mu 1902, ndi ku Rusangu pafupi ndi Monze mu 1905. Ambiri a inu munachira pa chipatala chawo cha Mwami, pafupi ndi Chipata, ndipo anamwino sanakufunseni tsiku limene mumapemphera asanakupatseni bedi. Paulo pa Aroma 14 anakumana ndi mkangano wofanana ndi wathu. Ena ankalemekeza tsiku lina kuposa anzake, ena ankaona masiku onse kukhala ofanana. Iye sanatumize apolisi. Anati aliyense akhale wotsimikiza mumtima mwake, ndipo anafunsa kuti ndiwe yani woweruza wantchito wa mwini. Mawu amenewa akugwira mbali zonse ziwiri. Wa Lamulungu asatche mnzake wosokera, wa Loweruka asatche mnzake wa chilombo.

Pali china chokhudza Sabata chimene mkangano wa masiku umatiiwalitsa. Malamulo khumi analembedwa kawiri, pa Eksodo 20 ndi pa Deuteronomo 5. Pa Deuteronomo, chifukwa chopumulira ndi chakuti Aisraeli anali akapolo ku Ejipito, ndipo Mulungu anawatulutsa. Lamulolo likutchula ana, antchito aamuna ndi aakazi, mlendo, ng'ombe ndi bulu. Sabata ndi mphatso ya anthu omasulidwa, ndiye n'zosamveka kuisandutsa goli. N'chifukwa chake Yesu pa Marko 2 anakumbutsa Afarisi kuti tsikulo linaikidwa kuti lithandize munthu.

Kuno ku Lusaka m'mawa kulikonse mumaona amayi akuchoka ku Kalingalinga ndi ku Mtendere wapansi kupita kumayadi kukachapa ndi kuphika. Alonda amagona pa geti usiku uliwonse. Atsikana ena amene munatumiza kwa achibale kuti akapite kusukulu akulera ana a eni nyumba kuyambira Lolemba mpaka Lolemba. Eni nyumbawo amavala bwino, ena Loweruka, ena Lamulungu, n'kupita kukaimba, kusiya mwana wa mnzawo ataweramira beseni la zovala. Kunena zoona, ameneyo waswa Sabata, ngakhale atasankha tsiku lolondola. Nanunso kumudzi, mnyamata woweta ng'ombe zanu amapuma liti? Ng'ombe zokoka ngolo zimamasulidwa liti? Mulungu adzafunsa zimenezi.

Tsopano tinene za dziko lathu. Pa 29 December 1991, Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'mawu oyamba a malamulo aakulu a dziko. Mu 2015 Pulezidenti Edgar Lungu anaika 18 October kukhala tsiku la dziko lonse lopemphera ndi kusala kudya. Mu 2021 anthu anasankha Pulezidenti Hakainde Hichilema, amene ndi wa mpingo wa Sabata, ndipo mabelu a Lamulungu anapitiriza kulira. Tiyamike Mulungu kuti malamulo omwewo amene amati dziko ndi lachikhristu amatetezanso ufulu wa aliyense wotsata chipembedzo chake. Ndime 19 imapereka ufulu wokhulupirira, wosintha chipembedzo, ndi wopembedza poyera kapena kumbali. Imanenanso kuti mwana wa sukulu asakakamizidwe kuchita nawo mwambo wa chipembedzo chimene si chake.

Boma likaitana anthu kupemphera, amene mtima wamulola apite. Kuitana ndi kukakamiza n'zosiyana, ndipo mudzazisiyanitsa pofunsa funso limodzi: wokana akumuchita chiyani? Ngati akubwerera kwawo mwamtendere, ntchito yake ili pomwepo ndi malo ake pamsika ali pomwepo, palibe choopsa. Tsiku limene wokanayo adzayambe kuchotsedwa pa mndandanda, ng'anjo ya ku Dura yayamba kusonkhedwa.

Baibulo lili ndi Aroma 13 ndi Chivumbulutso 13, ndipo Mkhristu agwire zonse ziwiri. Aroma 13 amatiuza kumvera olamulira ndi kupereka msonkho, pakuti boma ndi mtumiki wa Mulungu wosunga bata. Chivumbulutso 13 chimationetsa mtumiki yemweyo ataiwala kuti ndi mtumiki. Mpingo umene wazolowera kudyera pa mphasa ya boma umasowa pakamwa tsiku limene ukufunika kukana. Mu February 1977 Akibishopu Janani Luwum wa mpingo wathu ku Uganda anasainira pamodzi ndi mabishopu anzake kalata yodzudzula Idi Amin chifukwa cha kupha anthu. Patangopita masiku ochepa anaphedwa. Anatha kulankhula chifukwa bondo lake linali ndi mwini mmodzi.

Mwina mukuti, zimenezi ndi za mafumu akuluakulu, ife kumudzi zikutikhudza bwanji? Zikutikhudza kwambiri, chifukwa m'midzi yambiri ife opemphera Lamulungu ndife ochuluka, ndipo ochuluka ndi amene amagwira ndodo. Ntchito ya chitukuko, kuumba njerwa za sukulu kapena kulambula msewu, timakonda kuiika Loweruka. Banja la Sabata likapanda kubwera timalilipiritsa nkhuku. Amfumu, ndi ulemu wonse, banja limenelo silikukana ntchito. Lipatseni njerwa zake liumbe Lachinayi kapena Lamulungu, sukulu idzamangidwa chimodzimodzi. M'zaka zanga zogwira choko ndinaona kuti mayeso oikidwa Loweruka amalembeka bwinobwino Lachisanu masana, ndipo palibe mwana amene amataya kanthu. Chimafunika ndi mphunzitsi wofuna.

Inu a m'makomiti olemba mayina a feteleza kapena a chimanga cha chithandizo, musafunse munthu mpingo wake. Dzina likadumphidwa chifukwa mwini wake ndi wa Mboni, wa Sabata kapena Msilamu, mwachita chimene Yohane anachiona, kutsekera munthu kugula ndi kugulitsa. Inu apongozi, mtengwa wanu akakhala wa Sabata musamutume kukasinja Loweruka pofuna kumuyesa. Inu amuna, musabise nsalu ya akazi anu kuti alephere kupita kumpingo wawo. Ndipo pa maliro tizipita tonse, pakuti khasu lokumbira manda silidziwa tsiku la munthu. Ngati mukufuna kuti mnansi wanu abwere ku Anglican, muitaneni, mukambirane naye Malemba pansi pa mtengo, muonetseni khalidwe lanu. Akakana, mawa mubwerekeni mchere monga kale. Yesu mwini, pamene ophunzira ambiri anamusiya pa Yohane 6, sanawathamangire ndi chingwe. Anatembenukira kwa khumi ndi awiriwo n'kuwafunsa ngati nawonso akufuna kupita. Mwini kumwamba anasiya chitseko chotsekula, nanga ife ndife yani kuti tichikhome?

Za tsiku la kubweranso kwa Ambuye, timakhulupirira ndi mtima wonse kuti adzabwera kudzaweruza amoyo ndi akufa, ndipo timavomereza zimenezi pa mapemphero athu onse. Koma pa Mateyu 24:36 Iye ananena kuti tsiku ndi ola lake akudziwa ndi Atate okha. Ku America otsatira a William Miller anayembekezera pa 22 October 1844, ena atasiya mbewu m'minda osakolola, ndipo kunacha monga masiku onse. Ambiri mukukumbukira mantha a chaka cha 2000. Musagulitse mbuzi zanu chifukwa cha uthenga wa pa foni, musatulutse mwana m'sukulu, musakane mankhwala a kuchipatala. Limani, bzalani, palirani. Pa Mateyu 25 Ambuye anationetseratu mafunso a tsiku lomaliza, ndipo ndi okhudza wanjala, waludzu, mlendo, wamaliseche, wodwala ndi wandende. Anthu amene anagona pa Sinda Misale anali zonsezi pamodzi.

Kukonzekera masiku otsiriza ndiye kumeneku. Limbitsani bondo lanu kuti ligwadire Mulungu yekha, ngakhale kutabwera ng'anjo. Ndipo sungani dzanja lanu kuti lisapinde bondo la mnzanu, ngakhale mutakhala otsimikiza kuti iye ndi wolakwa. Chachiwirichi n'chimene chimatiyesa mlungu uliwonse.

Tiyeni tipemphere.

Mulungu wamphamvuzonse, amene munatulutsa anthu anu mu ukapolo ndi kuwapatsa tsiku lopuma, tikukuyamikani chifukwa cha ufulu umene tili nawo wosonkhana m'dzina lanu. Patsani nzeru Pulezidenti wathu, aphungu, oweruza ndi mafumu athu, kuti alamulire mwachilungamo ndi kudziwa malire a mphamvu zawo. Limbikitsani onse amene akuzunzidwa chifukwa cha chikhulupiriro. Chotsani mantha m'mitima ya okalamba athu, ndipo kumbukirani antchito osapuma. Tikakhala ochepa mutipatse kulimba mtima kwa Danieli, tikakhala ochuluka mutipatse chifundo cha Mwana wanu, kuti Iye pobwera adzatipeze tili maso ndi pa mtendere ndi anansi athu. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.